Buledi wa m'Manja mwa Attracta

Drumlaheen, Leitrim
4 Febuluwale 1957

Iwe Attracta,

Ndinakuitana kuti ubwere, iwe wanditumizira botolo la mankhwala. Botolo! Ndani anakuuza kuti kuno ku Leitrim mabotolo anatha? Linafika Loweruka litakulungidwa m'nyuzipepala ya Angelezi, ndipo lili pawindo pomwe ndinaliika. Zolembedwa pamenepo zikuwerengedwa ndi ntchentche.

Moni ndikukupatsa chifukwa ndine bambo wako, osati kuti wandisangalatsa ayi. Ine ndili bwino, kupatula bondo. Mchimwene wako Cathal akadali ku Scotland kumene akuboola mapiri, sabwera mpaka Pasaka. Mkazi wake Dympna ndiye wandigwirira cholembera monga mwa masiku onse, ndipo ndamuuza kuti alembe momwe ndikunenera, asathiremo shuga.

Ndibwerezenso, poti mwina kalata yoyamba ija unaiwerenga uli m'tulo. Colm, mwana wa mchimwene wako, wa miyezi isanu ndi iwiri, ali ndi chifuwa chokoka mtima. Lero ndi tsiku la khumi ndi chimodzi. Akayamba kutsokomola nkhope yonse imachita psuu, kenaka amakoka mpweya ngati katambala kophunzira kulira, n'kusanza mkaka wonse.

Mankhwala a chifuwa chimenechi aliyense amawadziwa, ndipo iwe unakulira m'nyumba muno, usadzipusitse. Mkazi amene anakwatiwa ndi mwamuna wa dzina la banja lofanana ndi lake, popanda chibale, amene analowa m'tchalitchi ali Heslin n'kutulukamo akadali Heslin, ameneyo ali ndi mphatso m'manja. Amadula buledi, n'kupaka batala, n'kumupatsa mwana ndi dzanja lake. Ngati ndi khanda amauviika mumkaka. Salandira kanthu, ndipo sathokozedwa. Basi. Iwe wemwe unachira chomwecho uli ndi zaka zitatu, ndi buledi wa malemu mayi Bid Shanley. Ndinakunyamula paphewa ine ndemwe mitunda isanu ndi umodzi, mvula ili pamsana.

Bid anatisiya chaka chatha. M'maparishi atatu onse ano kulibenso wina, watsala ndiwe. Zaka zisanu zapitazo unatilembera kuti wakwatiwa ku Coventry ndi Vincent Heslin, amene makolo ake ndi a ku Tipperary. Ku ukwatiwo sunatiitane ndipo ndinakwiya, koma dzinalo linanditonthoza. Ndinati Mulungu waika mphatso m'nyumba ya Thady Heslin.

Lamulungu titatuluka Misa ndinanena pachipata cha tchalitchi, anthu onse akumva. Packy Gallogly anati, "Thady, mwana wakoyo angawoloke nyanja chifukwa cha kachidutswa ka buledi? Akapita ku England amaiwala ndi njira ya kuchitsime yomwe." Ine ndinati, "Ako ndi amene amaiwala, Packy. Unawalera ngati abakha." Anthu anaseka. Tsopano nyumba zinayi zili ndi ana otsokomola, kuphatikizapo zidzukulu ziwiri za Packy yemweyo, ndipo onse maso ali kumsewu.

Ulembe tsiku limene ufike. Upereke moni kwa Vincent, ndi kwa Una mdzukulu wanga amene sindinamuonepo.

Bambo wako,
Thady Heslin, X

Alamu, ndine Dympna. Mankhwala a m'botolo ndikumamupatsa Colm, apongozi akapita kukhola, kenaka ndimathiramo madzi n'kulibwezera pawindo. Sakuthandiza kwenikweni. Chonde bwerani.

* * *

Coventry
9 Febuluwale 1957

Bambo anga okondedwa,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Bondolo muzilipaka mafuta aja. Ine ndi Una tili bwino, kungoti kuno kukuzizira kwambiri. Vincent ali kutali pantchito masiku ano.

Nkhani ya Colm yandisowetsa mtendere. Ndayatsa kandulo kutchalitchi chathu kuno ndipo Una akumutchula m'mapemphero ake. Koma Bambo, kubwera n'kovuta. Kufakitale sapereka tchuthi nthawi ino, ukajomba sabata imodzi umapeza wina atakhala pamakina ako. Nyanja nayonso mwezi uno ndi yoipa, Una amasanza ngakhale m'basi.

Palinso china. Mayi wina wa ku Mayo, ku Ireland konko, amene ndimagwira naye ntchito akuti mphatso imeneyi sigwira ngati ukwati unachitikira kunja kwa Ireland. Akutinso munthu ukawoloka madzi amchere imakuchoka. Ine sindikudziwa, koma ndikuopa kuti ndingabwere ulendo wonsewo, anthu n'kukhulupirira, kenaka osathandiza kanthu. Kunena zoona m'manja mwangamu sindinamvemo chilichonse chachilendo. Ndi manja wamba, a munthu womanga mawaya tsiku lonse.

Chonde musadikire ine. Itanani adokotala, ndipo akanena kuti mwana apite kuchipatala, apite. Ndaikamo paundi imodzi yoti mulipire galimoto ya hayala. Kuno ana a chifuwa chimenechi amawasamala bwino m'zipatala, ambiri amachira.

Ndikupemphaninso kuti musauze anthu ena za ine. Amene munawauza kale muwauze kuti sizinatsimikizike.

Kodi makalata anga amakuwerengerani ndani masiku ano? Ndi alamu okha, kapena nthawi zina mumapita nawo kwa amayi a kupositi aja? Mundiyankhe funso limeneli.

Alamu, limbani mtima. Mwanayo muzimukhazika tsonga akamatsokomola.

Mwana wanu,
Attracta

* * *

Drumlaheen
14 Febuluwale 1957

Attracta,

Moni. Kalata yako Dympna wandiwerengera kawiri ndipo mutu wanga sukugwira. Ndakufunsa tsiku, wandipatsa mayi wa ku Mayo. Kodi anthu a ku Mayo anayamba liti kudziwa zinthu? Paundi yako ili kuseri kwa wotchi, udzaitenga ukabwera.

Komabe sindine munthu wokana kufufuza. Ndinavala jekete n'kupita kwa bambo mfumu. Ndinati, "Bambo, ukwati wa ku England ndi ukwati?" Iwo anati, "Ngati anadalitsa ndi wansembe, Thady, ndi ukwati ngakhale uchitikire kumwezi." Ndinati, "Nanga madzi amchere amachotsa mphatso?" Anakanda m'mutu. "Za buledizo musandifunse ine, sizili m'mabuku anga. Koma amayi anga ankazikhulupirira, ndipo anali anzeru kuposa ine." Ndiye wamva. Bid Shanley anakhalako ku America zaka zinayi, anawoloka madzi ambiri kuposa ako, ndipo manja ake sanasukuluke.

Ukuti sumva chilichonse m'manja. Umafuna azilira ngati belu?

Usaganize kuti tangokhala. Lolemba tinamudutsitsa Colm pansi pa mimba ya bulu ndi pamwamba pa msana wake, katatu, m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Buluyo anaima bwinobwino, koma chifuwa sichinasunthe. Kenaka ndinakaima pamphambano kudikira munthu wokwera kavalo woyera, poti ukakumana naye n'kumufunsa, chimene wayankha ndicho mankhwala. Masiku awiri ndili chilili ndi bondo langali. Kunadutsa njinga, njinga, lole ya mkaka, njinga inanso. Dziko latha, anthu sakweranso akavalo. Tsiku lachiwiri masana kunatulukira munthu wochokera kumsika wa ziweto. Ndinakweza ndodo. "Inu a kavalo woyera, mankhwala a chifuwa chokoka mtima n'chiyani?" Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Ndi wamkulu bwanji mwanayo, madala?" Ndinamuuza. Iye anati, "Pitani naye kuchipatala lero lomwe." Atapitirira ndinamuyang'anitsitsa kavaloyo. Sanali woyera. Anali wotuwa, ndipo kumiyendo kunali kwakuda. Dympna akuti anamuona akudutsa pakhomo pano ndipo anali woyera ngati mkaka, koma Dympna anaonera pawindo, ine ndinali pafupi.

Dokotala anabwera kamodzi, nayenso nyimbo yake ndi yomweyo ya chipatala. Amayi ako analowa m'chipatala chakutauni akuyenda ndi miyendo yawo, anatulukamo atanyamulidwa ndi anthu anayi. Palibe Heslin wina adzalowemo ine ndili moyo, pokhapokha buledi wako atayesedwa n'kulephera. Ndipo salephera.

Tsopano undiuze zoona. Ndakhala ndikuganiza, ndipo ndaona pamene pagona nkhani. Ndi Vincent. Ndiye akukukaniza. Munthu wanji amene zaka zisanu sanalembepo ngakhale mzere umodzi kwa apongozi ake? Pa Khirisimasi ali kutali pantchito, pa Pasaka ali kutali pantchito. Amagwira ntchito yanji, yolondola mbalame? Kodi amakumenya? Amamwa? Kapena si wa mpingo wathu ndipo ukuopa kunena? Ngati ndi choncho nena, dzina ndi dzina, buledi safunsa kumene munthu amapemphera. Umuuze kuti Thady Heslin akufuna kalata ya dzanja lake sabata ino.

Wafunsa za wondiwerengera. Ndi Dympna yekha. Mayi wa kupositi uja ndingamupatse kalata yanga? Ameneyo ukamuuza chinthu m'mawa, pofika masana ndi agalu omwe akuchidziwa. Koma wafunsiranji?

Colm watsika thupi. Timiyendo tangokhala ngati timitengo.

Bambo wako,
Thady Heslin, X

* * *

Coventry
18 Febuluwale 1957

Alamu anga a Dympna,

Kalata iyi ndi yanu nokha, n'chifukwa chake pa envelopu ndalemba dzina lanu. Musawawerengere Bambo. Mukatha muiponye pamoto.

Vincent kulibe. Sanakhaleko n'kale lomwe. Ine sindinakwatiwe.

Bambo ake a Una anali munthu wina amene tinkagwira naye ntchito pamalo anga oyamba. Nditamuuza kuti ndili ndi pakati anati apita kaye kwawo akauze makolo. Ndikumudikirabe mpaka lero. Masisitere ankafuna kuti mwanayo ndimupereke kwa anthu ena. Ndinakana. Ndinagula mphete ya mkuwa pamsika, ndinasamukira mbali ina ya tauni, n'kuuza mwini nyumba kuti mwamuna wanga amagwira ntchito pasitima zapamadzi.

Tsono panali vuto la dzina. Mapepala anga onse, a kuntchito ndi a kuchipatala, ndi a Heslin. Ndikanati ndakwatiwa ndi Murray kapena wina aliyense, makalata ochokera kwathu akanabwera ndi dzina lina, a kuntchito ndi dzina lina, mwini nyumba akanadabwa. Ndiye ndinangoti, bwanji mwamunayo akhalenso Heslin? Ndinadziona wochenjera tsiku limenelo. Alamu, ndikulumbira pamanda a amayi anga, za chifuwazi sizinandifike m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinali ndi mimba ya miyezi isanu ndi umodzi, ndinkangoganiza za pogona. Dzina la Vincent ndinaliona pachitseko cha bokosi la zopereka kutchalitchi.

Kalata yoyamba ya Bambo yonena za Colm itafika ndinakhala pansi pamasitepe. Zaka zisanu akhala akunyadira manja anga, ine osadziwa.

Mwina mukuti, bwerani basi, mudule bulediyo, akudziwa ndani? Ndaganizapo. Koma ine ndinachira ndi buledi wa Bid. Kaya unandichiritsa ndi bulediwo kaya ndi nthawi, sindidziwa, koma sindingayerekeze kuika m'kamwa mwa mwana wodwala chinthu chochokera m'dzanja labodza. Akakulirakulira matendawo, ndidzati ndine. Ndipo mukuwadziwa Bambo. Tsiku loyamba akalephera adzati tiyesenso mawa, mawa adzati katatu ndiye mwambo wake, masiku n'kumapita.

Mutengeni Colm mupite naye, alamu. Musadikire ine, musadikire chilolezo. Bambo muwauze chilichonse, kuti ndadwala, kuti andikaniza kuntchito, chilichonse. Koma izi zokha ayi. Zingawaphe, ndipo akapanda kufa adzandifafaniza. Ndilibe kwina kumene ndimati kwathu.

Mundikhululukire.
Attracta

* * *

Drumlaheen
22 Febuluwale 1957

Mwana wanga Attracta,

Pepa. Pepa kwambiri. Mulungu aulandire mzimu wa Vincent. Ndinamunenera zoipa m'kalata yanga yapita ija, osadziwa kuti munthuyo ali pamphasa ya imfa. Mawu amenewo ndawameza.

Koma pali zimene sindikumvetsa. Wapositi anandipatsa kalatayo m'manja pachipata, ndinalowa nayo n'kumupatsa Dympna, ndinaima pomwepo kudikira. Anayamba kuwerenga chamumtima, nkhope n'kusintha. Ndinati, "Werenga mokweza, m'kamwa muli mbatata?" Anati, "Vincent wamwalira." Ndinati, "Pitiriza." Anati, "Basi." Kusukulu sindinapiteko, koma mapepala m'manja mwa munthu ndimatha kuwawerenga. Anali anayi, olembedwa mbali zonse. Mapepala anayi, mawu awiri? Akuti zinazo ndi za azimayi. Ndinafunsa chamupha, akuti mtima. Ndinafunsa tsiku, akuti Lachiwiri. Madzulo ndinafunsanso, akuti Lachinayi. Ndiye wafa kangati munthuyu? Kalatayo akuti inagwera pamoto mwangozi.

Komabe maliro ndi maliro. Ndinapita kwa bambo mfumu, ndipo dzulo kunali Misa ya mzimu wake. Tchalitchi chinadzaza theka, pa tsiku la ntchito. Anthu anabwera kunyumba kudzapepesa, tinawaphikira tiyi. Packy Gallogly anavula chipewa pakhomo n'kunena kuti, "Pepa Thady, ndinamva kuti anali munthu wabwino." Ndinati, "Anali Heslin." Bambo mfumu akufuna dzina la parishi imene waikidwa kuti alembere wansembe wa kumeneko. Utumize.

Chinanso ndafufuza kale kuti usavutike. Wamasiye mphatso imakhalabe. Bid anakhala wamasiye zaka makumi awiri akuchiza ana. Tsopano wokukaniza palibe, ndipo a kufakitale sangamane tchuthi munthu woferedwa, ngakhale Angelezi ali ndi manyazi. Nyamula mwana, ubwere kwanu. Udzalire kuno, pakati pa anthu ako, ndipo udzadule bulediyo. Ufa wabwino ndagula kale.

Bambo wako,
Thady Heslin, X

Alamu, apongozi apita kukamwetsa ng'ombe, ndilemba mofulumira. Ndakupherani mwamuna amene munalibe. Anandiimirira pamutu, maso ali pakamwa panga, ndipo ndi chokhacho chimene chinatuluka. Ndimaganiza kuti akamva za maliro akusiyani. Onani tsopano. Dzulo ndinagwada m'tchalitchi kupempherera munthu wa pabokosi la zopereka, ndipo sindikudziwa ngati ndi tchimo loti ndikaulule kapena ayi.

Ine sindikuweruzani. Mwana wanu munamusunga, ena akanamupereka. Koma mukuti ndimutenge Colm ndipite, ndipite bwanji? Kutauni ndi mitunda khumi ndi iwiri. Ndinapita kwa mwini galimoto ya hayala, anati, "Mayi, a Thady akudziwa? Ine sindifuna kudana ndi mkulu ameneuja." Ndinalembera Cathal, wayankha kuti ndimvere bambo ake mpaka mlongo wake afike. Onse akudikira inu. Lachitatu Colm anatsokomola mpaka milomo inada bii, anangoti zii m'manja mwanga, ndinachita kumugwedeza kuti apumenso. Apongozi anaona, koma anangoti, "Attracta ali m'njira."

Njira zilipo ziwiri. Mubwere mudule bulediyo, wabodza kaya woona, kuti alephere msanga atilole kupita. Kapena muwauze. Ine bodza lina ndilibe, andithera. Mwana wanga akudikira mkazi wa munthu amene kulibe.

Dympna

* * *

Coventry
26 Febuluwale 1957

Bambo,

Alamu, iyi muwawerengere yonse, musadumphe liwu ngakhale limodzi.

Bambo, Vincent sanamwalire chifukwa sanabadwe. Ndinamupeka ine. Sindinakwatiwepo, m'tchalitchi kapena kwina kulikonse. Una ndinabereka ndili ndekha, bambo ake anathawa. Ndinati mwamuna wanga ndi Heslin kuti dzina langa lisasinthe pamapepala, si china ayi. A Dympna anadziwa sabata yathayi, ndipo za maliro zija ananena pofuna kunditchinjiriza. Musawakalipire.

Mphatso ndilibe. Loweruka ndinafika mpaka pasiteshoni kuti ndibwere ndidzadule bulediyo mwakachetechete, inu musadziwe kanthu. Ndili pamzere ndinaganiza za ana a m'nyumba zinayi zija, amayi awo akubwerera kwawo mitima ili m'malo, osaitananso dokotala. Ndinabwerera.

Mukafuna kundikana, ndikaneni. Mukafuna kuuza anthu kuti mulibe mwana wamkazi, auzeni. Koma zimenezo muchite mawa. Lero Colm apite kuchipatala. Palibe buledi amene akubwera.

Attracta

* * *

Kutauni, pabenchi la m'chipatala
3 Malichi 1957

Attracta,

Moni sindikudziwa ngati ndikupatse. Dympna akuti ndikupatse. Landira.

Kalata yako inafika Lachisanu. Ndinamuuza kuti awerenge katatu, ndipo katatu konse inanena zomwezo. Ndinatuluka n'kukaima m'khola. Ng'ombe zinkandiyang'ana, inenso ndinkaziyang'ana. Nditabwerera ndinafunsa Dympna kuti, "Tsono Misa ija yapita kwa yani?" Anati sakudziwa. Mpaka pano palibe wandiyankha. Munthu ndinamukwiyira zaka zisanu, ndinamupepesa, ndinamulira, ndinaphikira anthu tiyi, ndipo akuti kulibe. Nanga chisoni chimene ndinamva chija ndichiike pati?

Ndinavala chipewa n'kupita ndekha kwa mwini galimoto. Anati, "A Thady, mwasintha maganizo?" Ndinati, "Liza galimoto, usandifunse za maganizo." Pakhomo la chipatala ndinaima, osalowa. Dympna analowa ndi mwana, ine ndinatsala panja mpaka namwino wina anabwera kudzandikoka dzanja ngati ndine wodwalayo.

Colm amuika m'katenti koonekera mkati, kolowetsa mpweya. Dokotala anati tachedwa, chifuwa chatsikira m'mapapo. Anafunsa chimene tinkadikira. Dympna anayang'ana pansi. Ndinati, "Ankadikira ine." Lero m'mawa wayamwa pang'ono ndipo sanasanze. Akuti tisasangalale msanga, masiku atatu akubwerawa ndiwo anene.

Dzulo ndinabwerera kumudzi ndi lole ya mkaka ndipo ndinayenda nyumba zinayi zonse. Kwa Packy ndinafika pomalizira. Anati, "Bwanji Thady, wamasiye uja wafika?" Ndinati, "Buledi kulibe. Tenga zidzukulu zako upite nazo kumene ndapita ndi wanga." Anati, "Iwe? Kuchipatala? Chachitika n'chiyani?" Ndinati, "Chachitika n'chakuti ndakuuza." Anatsegula pakamwa kuti aseke, anandiyang'ana, n'kutsekanso. Mawa aseka, ndikumudziwa. Kwa bambo mfumu sindinapite. Akudikirabe dzina la manda.

Ku Cloone kuli Heslin wina, Barney, si m'bale wathu, sanakwatirepo, ali ndi ng'ombe zisanu ndi zinayi ndi mano ake ambiri. Ndimati mwina iwe ndi iyeyo — Dympna waika cholembera pansi, akuti zimenezo salemba. Chabwino. Ndazisiya, pakadali pano.

Ukuti ndikukane. Usandiuze zochita. Unandinamiza zaka zisanu, ndipo bodza lako ndi liuma langa zatsala pang'ono kuika mwana m'manda. Katundu ameneyo ndi wa anthu awiri, sindisenza ndekha iwe uli ku England. Sindinakukhululukire. Kukhululuka kwa papepala ine sindikudziwa, ndiponso kukalipa kodzera m'dzanja la mpongozi sikukoma, amachotsamo minga. Ndikufuna ndikukalipire pamaso, m'nyumba mwanga, chitseko chili chotseka. Zikatha zimenezo tidzapita tonse kwa bambo mfumu, iwe udzanena zako, ine ndidzanena zanga.

Za mwana wakoyo, ndaganiza usana wonse pabenchi pano. Amalembedwa Una Heslin. Ngati dzinalo si la Vincent, ndiye kuti ndi langa. Palibenso kwina kumene likanachokera. Mwana wa dzina langa sangafike zaka zisanu asanaponde pakhomo panga.

Dympna sanagone pabedi masabata asanu, akufunika womulandira pambali pa katentiko, ndipo ine anamwino akuti ndimawaopseza ana. Attracta, Lachinayi ukwere sitima yapamadzi, iwe ndi Una. Lachisanu masana ndidzakhala pasiteshoni ndi ngolo ya bulu, anthu onse akuona. Mphete yamkuwayo uiponye m'nyanja podutsa. Usalembe kalata ina. Bwera.

Bambo wako,
Thady Heslin, X